Zolakwika za mu model polandira mafayilo pa intaneti, ndi kakonzedwe kake

Pulogalamu ya pa intaneti yolandira mafayilo imasunga zinthu m'malo awiri osiyana. Fayilo yeniyeniyo, kaya ndi chithunzi cha chitupa kapena kalata ya PDF, imakakhala pa disiki ya seva kapena kumalo ena osungirako obwereka. Mu database mumangolembedwa dzina la fayiloyo ndi njira yokaipezera. Chimene chimalumikiza mbali ziwirizi ndi model, kachigawo ka khodi komwe wolemba pulogalamu amafotokozamo zinthu zimene pulogalamuyo idzisunga, mtundu wa chilichonse, utali wake, ndiponso ngati chingasiyidwe chosadzazidwa. Zili ngati kaundula wa mlembi wa kopaletivi: m'bukumo simukhala zikalata za mamembala, mumangolembedwa kuti chikalata cha uje chili m'kabati iti, pa shelefu iti. Buku likhoza kukhala laudongo koma m'kabati mulibe kanthu, ndipo kabati ikhoza kudzaza ndi mapepala amene buku siliwadziwa. Zolakwika zambiri za pa nkhaniyi zimachokera pakuiwala kusiyana kumeneku.

Zitsanzo zambiri pano zatengedwa ku Django, chida cholembera mapulogalamu a pa intaneti m'chinenero cha Python. Adrian Holovaty ndi Simon Willison adachiyamba mu 2003 akugwira ntchito ku nyuzipepala ya Lawrence Journal-World ku Kansas, ndipo chidaperekedwa kwa anthu onse mu 2005. Mu Django mawu akuti model ali pakati penipeni pa ntchito yonse, chifukwa tebulo la mu database, fomu ya pa tsamba ndi tsamba la oyang'anira, zonse zimapangidwa kuchokera ku model. Mzere umodzi ukalakwika pamenepo, cholakwikacho chimafalikira konseko.

Chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza Chadiza

Chadiza ndi boma la m'chigawo cha Kum'mawa kwa Zambia, kum'mwera kwa Chipata, m'malire ndi Mozambique. Anthu ambiri kumeneko ndi alimi a chimanga, mtedza, soya ndi mpendadzuwa, ndipo zaka zino pafupifupi thandizo lililonse limene munthu angapemphe limafuna zikalata. Alimi olandira zipangizo za ulimi za FISP amalembedwa ndi alangizi m'kaundula wa pa kompyuta wotchedwa ZIAMIS, ndipo chowazindikiritsa ndi nambala ya chitupa cha NRC, chimene ambiri amangochitcha reji. Wophunzira wofuna ngongole ya ku yunivesite amapempha ku bungwe la HELSB kudzera pa intaneti ndi kutumiza zikalata zake komweko. Kuyambira mu 2022, pamene ndalama za chitukuko za CDF zidakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstichuwensi iliyonse, makalabu, makopaletivi ndi makolo ofunira ana awo thandizo la sukulu akhala akusonkhanitsa makope a mareji ndi masitifiketi kuti apereke ku makomiti a chitukuko a m'mawodi ndi ku khonsolo.

Zikalata zikachuluka chotere, pamapezeka wina woganiza zolemba pulogalamu yozisunga: wachinyamata amene wamaliza maphunziro a kompyuta, wogwira ntchito m'bungwe lothandiza alimi, kapena mphunzitsi wa pa sekondale. Chitsanzo chimene chitsatidwe m'nkhani yonseyi ndi cha mtundu umenewo, pulogalamu yaing'ono yolembera mamembala a kopaletivi, momwe membala aliyense ali ndi dzina, nambala ya reji, mudzi ndi kope la reji yake. Munthu wotumiza fayilo mu pulogalamu yotere nthawi zambiri amakhala pa foni, wagula bando ndi ndalama yovuta kupeza, mwina wapalasa njinga kukafika pamalo pomwe netiweki ya Airtel, MTN kapena Zamtel imagwira bwino. Fayilo ikakanika, iye ndiye amalipira kawiri. N'chifukwa chake zolakwika zimene zimaonekera msanga pa kompyuta ya wolemba pulogalamu ndi zotsika mtengo, pamene zimene zimabisala mpaka pulogalamu itayamba kugwira ntchito ndizo ziyenera kuopedwa.

Zolakwika zoletsa pulogalamu kudzuka

Django ikamadzuka imayamba yayendera ma model onse, ndipo ikapeza chosayenera imaima n'kutchula nambala ya cholakwikacho. Gulu limeneli ndi losavuta, chifukwa uthenga wake umanena mzere ndi mankhwala omwe.

Chofala kwambiri ndi fields.E210. ImageField, gawo losungira zithunzi, limadalira laibulale ina yotchedwa Pillow kuti litsegule fayilo ndi kutsimikiza kuti ndi chithunzidi. Pillow ikasowa, Django imakana kudzuka. Kukonza kwake ndi kuiika ndi lamulo la pip install Pillow, koma chofunika kwambiri ndi kuilemba mu fayilo ya requirements.txt, apo ayi pulogalamu idzayenda pa laputopu ya mwiniwake n'kukafera pa seva. Enanso amaiika Pillow kunja kwa virtual environment imene pulogalamu ikugwiritsa ntchito, n'kumadabwa kuti uthenga sukuchoka.

Chachiwiri ndi fields.E202, chimene chimabwera upload_to ikayamba ndi mzere wopendekera. Malo aakulu osungira mafayilo amatchulidwa kamodzi kokha mu settings, pa MEDIA_ROOT. Pa upload_to pamangolembedwa kafoda ka m'kati mwa malo amenewo, monga mareji, osati njira yonse yochokera ku muzu wa disiki. Pali nzeru pamenepa: pulogalamu ikasamukira ku seva ina, chosintha ndi mzere umodzi wa mu settings, ndipo njira zonse zolembedwa kale mu database zimakhalabe zoona.

Palinso zolakwika zosakhudza fayilo mwachindunji koma zopezeka pafupi nayo. CharField yopanda max_length imabweretsa fields.E120, kupatula pa database ya PostgreSQL kuyambira ndi Django 4.2 ya mu 2023 ndi ya SQLite kuyambira ndi Django 5.2 ya mu 2025. ForeignKey yopanda on_delete imagwa ndi TypeError kuyambira ndi Django 2.0 ya mu Disembala 2017, ndipo izi zimagwira makamaka anthu okopera khodi ku maphunziro akale a pa intaneti. Model ikatchula inzake imene yalembedwa m'munsi mwa fayilo yomweyo, Python imanena kuti dzinalo silikudziwika, uthenga wa NameError. Mankhwala ake ndi kulemba dzina la model inayo m'kati mwa zizindikiro zogwira mawu, kuti Django iliyang'ane itatha kuwerenga zonse. Njira yomweyi imamasulanso mafayilo awiri a ma model amene akuitanana, aliyense kudikira mnzake.

Model yasintha, database sinasinthe

Kulemba mzere watsopano mu model sikuwonjezera kolamu mu tebulo. Kuyambira ndi Django 1.7 ya mu 2014, ntchito imeneyi imachitika ndi malamulo awiri: makemigrations imalemba ndondomeko ya kusinthako, migrate imaichita pa database. Limodzi likaiwalika, pulogalamu imadzuka bwinobwino, koma wina akangotsegula tsamba la mamembala imagwa. Pa SQLite uthenga umati "no such column", pa PostgreSQL umati kolamuyo kulibe. Lamulo la showmigrations limaonetsa ndondomeko zimene zachitika ndi zimene zatsala. Ngati makemigrations ikuti palibe chasintha pamene chasintha chilipo, kawirikawiri chifukwa chake n'chakuti app sinalembedwe mu INSTALLED_APPS kapena ilibe foda ya migrations.

Pamene pafunika kulingalira ndi powonjezera gawo la fayilo ku tebulo limene muli kale anthu. Kopaletivi ikhoza kukhala italemba mamembala mazana angapo isanaganize zosunga makope a mareji. Django imafunsa kuti mizere yakaleyo ilembedwe chiyani, ndipo wolemba wothamanga amangoikapo mawu alionse kuti funso lichoke. Zotsatira zake n'zakuti membala aliyense wakale amaoneka ngati ali ndi fayilo, pomwe pa disiki palibe. Chachiwiri chimene ambiri amathamangira ndi null=True. Chimenechi chimachotsa funsolo, koma chimabala mitundu iwiri ya kusowa: mizere yakale imakhala ndi NULL, pamene mizere yatsopano yosungidwa popanda fayilo imakhala ndi mawu opanda chilembo. Mlembi akadzafuna mndandanda wa mamembala amene sanaperekebe reji, pulogalamu imangobweretsa gulu limodzi, ndipo ena amatsala osaitanidwa. Choyenera pa FileField, gawo losungira mafayilo, ndi blank=True chokha. Chimalola fomu kudutsa popanda fayilo, ndipo kusowa konse kumalembedwa m'njira imodzi.

Gawo likaloledwa kukhala lopanda kanthu, tsamba lililonse loonetsa fayiloyo liyenera kuyamba lafunsa ngati ilipo. Kupempha url ya fayilo imene kulibe kumabweretsa ValueError yonena kuti "attribute has no file associated with it", ndipo membala mmodzi wopanda chithunzi akhoza kugwetsa tsamba la mndandanda wonse.

Cholakwika china cha m'gululi chimabwera upload_to ikapatsidwa lambda, kachidutswa ka khodi kopanda dzina. Ndondomeko ya migration imayenera kulemba dzina la function imene idzisankha malo a fayilo, choncho lambda imakanidwa. Function imeneyo ilembedwe ndi dzina lake pamwamba pa model. Ikadzasinthidwa dzina kapena kufufutidwa m'tsogolo, ma migration akale amene amaitchula amasweka, ndiye ndi bwino kuisiya pomwepo ngakhale itasiya kugwiritsidwa ntchito.

Pali chizolowezi choipa chimene chiyenera kutchulidwa poyera: kufufuta database ndi ma migration onse n'kuyambiranso zinthu zikasokonekera. Pa laputopu yophunzirira palibe chotayika. Pa seva imene muli mayina a alimi amene adayenda mitunda kudzalembetsa, kumeneko ndi kuwononga ntchito ya anthu. Kope la database litengedwe migrate isanayendetsedwe, ndipo foda ya mafayilo ikopedwe pamodzi nalo, chifukwa chimodzi popanda chinzake sichithandiza.

Zooneka ngati za model koma zili kwina

Nthawi zambiri model imasinthidwasinthidwa pachabe pamene vuto lili panjira. Chizindikiro chodziwika ndi ichi: munthu wasankha fayilo, wadina batani, koma fomu ikubwerera n'kunena kuti gawo la fayilo likufunika kudzazidwa. Zoyambitsa zake ndi ziwiri. Choyamba, fomu ya HTML ilibe enctype ya multipart/form-data, njira yotumizira mafayilo imene idafotokozedwa koyamba mu RFC 1867 mu 1995. Popanda imeneyo browser imatumiza dzina la fayilo lokha. Chachiwiri, view, khodi yolandira zimene fomu yatumiza, yapereka request.POST ku fomu n'kuiwala request.FILES. Choopsa n'chakuti wolemba wotopa akhoza "kukonza" vutoli poika blank=True. Uthenga umachokadi, fomu imadutsa, tsamba limathokoza, koma palibe fayilo ngakhale imodzi imene ikusungidwa. Zimadzadziwika tsiku limene makope akufunika.

Kukula kwa fayilo nakonso kumasokoneza. Nginx, imene imaima kutsogolo kwa mapulogalamu ambiri, imalola megabayiti imodzi yokha ngati client_max_body_size sinasinthidwe, ndipo choposa pamenepo chimabwezedwa ndi nambala 413 chisanafike ku Django n'komwe. Chithunzi cha pa foni yamakono chimaposa malire amenewo mosavuta. Pa laputopu palibe Nginx, choncho vutoli limayamba kuoneka pulogalamu itaikidwa pa seva. M'mapulogalamu a PHP malire oyamba ndi 2M pa upload_max_filesize ndi 8M pa post_max_size, ndipo malire achiwiriwa akapyoledwa fomu yonse imafika yopanda kanthu.

Django imasunga fayilo yaing'ono, yosaposa megabayiti 2.5, mu memory, pamene yaikulu imayamba yalembedwa m'foda yongoyembekezera. Django 3.0 ya mu Disembala 2019 isanatuluke, njira ziwirizi zinkapereka zilolezo zosiyana pa disiki, mwakuti zithunzi zing'onozing'ono zinkatseguka koma zikuluzikulu zinkakanidwa ndi nambala 403. Amene akusamalira pulogalamu yakale akaona zimenezi ayang'ane FILE_UPLOAD_PERMISSIONS, osati model. Chimodzimodzinso uthenga wa "Permission denied" posunga: umatanthauza kuti pulogalamu ilibe chilolezo cholemba m'foda ya MEDIA_ROOT.

Dzina la fayilo ndi malo ake

Apa ndi pamene zochitika za ku Zambia zimalowa m'khodi mwachindunji. Nambala ya reji ili ndi manambala asanu ndi limodzi, mzere wopendekera, manambala awiri, mzere wina wopendekera, kenaka nambala imodzi. Cholakwika choyamba ndi kuisunga mu IntegerField, gawo la manambala owerengera. Reji siwerengeredwa, ndipo mizere yopendekerayo singalowe m'gawo lotere. Malo ake ndi CharField, ndi lamulo loyang'ana kalembedwe kake. Nambala za foni nazonso n'chimodzimodzi, chifukwa IntegerField imataya ziro woyambirira.

Cholakwika chachiwiri n'chobisika. Zimaoneka zanzeru kutcha fayilo iliyonse ndi nambala ya reji ya mwini wake. Koma pa seva mzere wopendekera umatanthauza kulowa m'foda ina. Nambala ikaikidwa mu upload_to momwe ilili, Django siidandaula. Imapanga foda ya manambala asanu ndi limodzi aja, m'kati mwake foda ya manambala awiri, m'kati mwakenso fayilo yotchedwa ndi nambala imodzi yomalizayo. Membala aliyense amakhala ndi mafoda akeake, ndipo tsiku limene wina adzakopere makopewo m'foda imodzi kuti awasindikize, pafupifupi onse adzakhala ndi dzina limodzi n'kumafufutana. Mizereyo ikhoza kusinthidwa kukhala timizere togona, koma njira yabwino koposa ndi kusaika reji m'dzina la fayilo n'komwe. Dzina la fayilo limaoneka mu adiresi ya pa browser ndi m'mabuku a seva, ndipo nambala ya chitupa cha munthu siyenera kumwazika m'malo otero. Dzina lopangidwa ndi UUID, zilembo ndi manambala 32 zosankhidwa mwachisawawa, silibwerezedwa ndipo siliulula za munthu. Dzina limene fayilo idabwera nalo, ngati likufunika, lisungidwe m'gawo lina la model.

Ena amatcha foda ndi nambala ya mzere, instance.pk. Pamene fayilo ikusungidwa koyamba mzerewo umakhala usanalowe mu database, ndiye nambalayo kulibe. Mafayilo onse atsopano amakathera m'foda imodzi yotchedwa None, popanda uthenga uliwonse wochenjeza.

Utali wa njira nawo uli ndi malire. FileField imasunga zilembo 100 ngati max_length sinatchulidwe, ndipo zilembozo ndi za njira yonse, mafoda pamodzi ndi dzina. Wolemba akafuna kusanja mafayilo motsata mfumu, wodi, mudzi, chaka ndi mwezi, mwachitsanzo kuyambira ndi Zingalume, Mlolo kapena Mwangala kenaka mayina a midzi, malowo amatha msanga. Django ikapeza dzina lofanana ndi lomwe lilipo kale imawonjezera zilembo zisanu ndi ziwiri kuti lisiyane, ndipo njira ikatalika imadula dzinalo. Ikasowa podula imagwa ndi SuspiciousFileOperation, uthenga wooneka ngati wa zachitetezo pomwe vuto ndi utali chabe. Mankhwala ndi kukweza max_length, monga kufika pa 255, ndi kuyendetsa migration. Koma funso lenileni n'lakuti n'chifukwa chiyani mudzi ukulembedwa m'njira ya fayilo. Mudzi ndi wodi ndi nkhani za mu database, momwe zingasinthidwe munthu akasamuka. Pa disiki, chaka ndi mwezi n'zokwanira. Tizindikirenso kuti SQLite siyang'ana utali wa mawu, pamene PostgreSQL imakana mawu opyola malire, kotero njira yaitali yolembedwa ndi manja ikhoza kudutsa poyesa n'kukanidwa pa seva.

Zilembo za Chichewa zili ndi gawo lake pano. Django imayeretsa dzina la fayilo posintha mipata kukhala timizere tapansi ndi kuchotsa zizindikiro zina, kuphatikizapo kachizindikiro ka mu ng', koma chilembo cha ŵ imachisiya. Seva ikakhala kuti sinakonzedwe kugwiritsa ntchito UTF-8, fayilo ya dzina lokhala ndi ŵ ikhoza kuigwetsa ndi UnicodeEncodeError. Chokonza ndi seva, osati kuuza anthu kuti asinthe kalembedwe ka chinenero chawo. Dzina la UUID limapewetsanso vutoli.

Zolakwika zosalankhula

Kusankha mtundu wa gawo ndi pamene model imalakwika popanda kudandaula. CharField ikaikidwa pamalo pa FileField, fomu yopangidwa kuchokera ku model imaonetsa bokosi lolembamo mawu m'malo mwa batani losankhira fayilo, ndipo palibe chimene chimalembedwa pa disiki. Ena amathira fayilo yonse mu database kudzera mu BinaryField. Zimatheka, koma database imanenepa msanga, kutenga kope lake kumachedwa, ndipo olemba Django enieniwo amachenjeza kuti gawoli lisalowe m'malo mwa kasungidwe koyenera ka mafayilo.

Pakati pa FileField ndi ImageField, chosankha chichokere ku zimene anthu adzatumizedi. Kope la reji limabwera m'njira ziwiri. Wina amajambula ndi foni, n'kutuluka JPEG. Wina amapita pa boma kwa ochita fotokope, amene amamuchitira sikani n'kumupatsa PDF. Fomu ya ImageField imakana PDF, ndipo Pillow payokha sitsegula zithunzi za HEIC zimene mafoni a iPhone amatulutsa. Pa zikalata, FileField yokhala ndi FileExtensionValidator, imene idabwera ndi Django 1.11 mu 2017, ndiyo yoyenera, ikuloleza pdf, jpg, jpeg ndi png. ImageField isungidwire zithunzi za nkhope ndi za minda. Komabe kuyang'ana mathero a dzina si chitetezo chokwanira, popeza aliyense akhoza kusintha dzina la fayilo yoipa. Seva ikonzedwe kuti isayendetse chilichonse cha m'foda ya mafayilo ngati pulogalamu.

Malamulo oyang'anira amene alembedwa mu model sagwira ntchito paliponse. Amayendetsedwa ndi ModelForm kapena ndi full_clean. Khodi imene imatenga fayilo n'kuitana save mwachindunji imawadumpha onse. Wolemba akhoza kukhala ndi mtima pansi poona malamulo olembedwa bwino mu model pomwe khomo lina lili lotseguka.

Django siika malire a kukula kwa fayilo yotumizidwa, ndiye lamulo la kukula liyenera kulembedwa. Koma lamulo la mu model limayamba kugwira fayilo itafika kale pa seva, bando litadyedwa kale. Kwa munthu wa ku midzi ya Chadiza, uthenga woti fayilo yakula kwambiri wobwera pambuyo podikira mphindi zingapo ndi chilango chopanda mlandu. Malire alembedwe pa fomu pomwe, m'chinenero chimene iye amamva, ndipo browser iyang'ane kukula kapena kuchepetsa chithunzi chisananyamuke. Lamulo la pa seva likhalepo ngati mlonda wotsiriza.

Reji ili ndi mbali ziwiri, ndipo kopaletivi ikhoza kufunanso sitifiketi ndi kalata ya mfumu. FileField imodzi imasunga njira imodzi yokha. Kale, olemba ankangowonjezera mawu akuti multiple pa fomu, ndipo Django inkayang'ana fayilo yomaliza yokha, zinazo n'kudutsa osayang'anidwa. Bowo limeneli lidalembedwa ngati CVE-2023-31047 ndi kutsekedwa mu Meyi 2023, mu Django 3.2.19, 4.1.9 ndi 4.2.1, ndipo kuchokera pamenepo khodi yakaleyo imagwa ndi ValueError mpaka wolemba atanena poyera kuti akulola mafayilo angapo ndi kuyang'ana iliyonse. Ku mbali ya model, yankho ndi kupanga model yachiwiri, ya chikalata, yokhala ndi ForeignKey yoloza kwa membala, gawo la fayilo, mtundu wa chikalata ndi tsiku lotumizira. Kuika magawo otchedwa fayilo1, fayilo2 ndi fayilo3 kumagwira ntchito mpaka tsiku limene chikalata chachinayi chafunika. Model yachiwiriyi ili ndi phindu lina kumalo a netiweki yodukaduka: membala amasungidwa kaye, zikalata n'kumatumizidwa chimodzichimodzi, mwakuti netiweki ikaduka pa chachitatu, ziwiri zoyambazo sizibwerezedwa.

Pa ForeignKey imeneyi on_delete isankhidwe moganizira. CASCADE imafufuta mizere ya zikalata membala akafufutidwa, PROTECT imaletsa kufufutako mpaka zikalata zitachotsedwa. Zonse ziwiri sizikhudza disiki. Kuyambira ndi Django 1.3 ya mu 2011, kufufuta mzere sikufufuta fayilo, ndipo kutumiza fayilo yatsopano m'malo mwa yakale kumasiya yakaleyo pomwepo. Olemba Django adachita dala kuti mafayilo asatayike database ikabweza ntchito imene yalephera pakati. Wolemba ndiye ayenera kulemba khodi yochotsa mafayilo amasiye, makamaka database itatsimikiza kufufutako.

Zimene lamulo likufuna

Mafayilo amasiye amenewa si nkhani ya kudzaza disiki kokha. Zambia ili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya mu 2021, limene limaika udindo pa aliyense wosonkhanitsa ndi kusunga zokhudza anthu, limapereka ufulu wopempha kuti zinthuzo zifufutidwe, ndiponso limafuna kuti zisungidwe pa seva za m'dziko momwemo kupatula pamene lamulolo lalola. Pulogalamu imene yafufuta dzina la munthu koma kope la reji yake likadali pa disiki sinafufute kanthu. Amene akuganiza zosunga mafayilo ku seva zobwereka za kunja awerenge lamuloli asanasankhe storage ya mu model, malo osungirako mafayilowo.

MEDIA_URL, momwe maphunziro ambiri amaikonzera, imatsegula foda yonse kwa aliyense wodziwa adiresi, osafunsa kuti iye ndani. Pa zithunzi za msonkhano palibe vuto. Pa mareji, makalata a kuchipatala ndi masitifiketi a ana, kumeneko ndi kulakwa kwakukulu, chifukwa kope la reji likagwera m'manja olakwika likhoza kugwiritsidwa ntchito poyesa kulembetsa zinthu m'dzina la mwini wake. FileField imalola kutchula storage yakeyake, foda imene seva siionetsa kunja, ndipo fayilo imaperekedwa kudzera mu view imene yayamba yatsimikiza kuti wopemphayo ndi mwini wake kapena mlembi wololedwa.

Zida zina

Mavuto omwewa amapezeka m'zida zina ndi mayina ena. Mu Laravel, model ili ndi mndandanda wa fillable. Mndandandawo ukakhala wopanda kanthu, kusunga kumagwa ndi MassAssignmentException, koma ukakhalapo n'kusowamo gawo la fayilo lokha, gawolo limatayidwa mwakachetechete. Kupereka zonse za pa fomu kwa model popanda kuitana store kumalemba mu database njira ya kafayilo kongoyembekezera kamene PHP imafufuta pempho likangotha. Mu Ruby on Rails, Active Storage idabwera ndi Rails 5.2 mu 2018. Kumeneko model imalembedwa has_one_attached, ndipo nkhani za mafayilo zimasungidwa m'matebulo apadera amene ayenera kupangidwa kaye ndi lamulo la active_storage:install ndi migration yake.

Kafufuzidwe ka vuto

Fayilo ikakanika, njira yachidule ndi kuitsatira momwe imayendera, m'malo mosinthasintha model mongoyesa. Uthenga wa Python uwerengedwe kuchokera pansi, pomwe pali dzina la cholakwika. Lamulo la check linena ngati model yalembedwa molondola, showmigrations linena ngati database yafanana nayo. Zida za mu browser zionetsa ngati fayilo idanyamukadi ndi nambala imene seva idayankha. Kenaka wolemba ayang'ane ngati request.FILES ili ndi kanthu, asindikize form.errors, chinthu chimene ambiri amaiwala pamene fomu yakana mwakachetechete, atsegule mzere mu database kuona njira yolembedwamo, ndipo potsiriza apite pa disiki kukaona ngati fayiloyo ilipo. Pamene unyolowu wadukira ndi pomwe pali vuto. Pa seva yogwira ntchito DEBUG ikhale yozimitsidwa ndipo zolakwika zilembedwe m'buku la seva, chifukwa tsamba lachikasu la Django limaulula zambiri za m'kati mwa pulogalamu.

Kukonza khodi sikukonza zimene zidasungidwa kale molakwika. Pamafunika kachidutswa ka khodi koyendera mizere yonse ndi kufunsa storage ngati fayilo yotchulidwayo ilipo, ndi kena koyendera disiki kufunafuna mafayilo amene palibe mzere wowatchula. Mndandanda woyamba ndi wa mamembala amene mlembi ayenera kuwapemphanso makope, makamaka pa msonkhano umene abwera kale kuti asayende ulendo wapadera. Wachiwiri ndi wa mafayilo oti afufuzidwe eni ake kapena afufutidwe. Mayeso olembedwa ndi SimpleUploadedFile, ogwiritsa ntchito foda yongoyembekezera m'malo mwa MEDIA_ROOT yeniyeni, atumize PDF, chithunzi chachikulu, dzina lokhala ndi ŵ ndi fomu yopanda fayilo, ndipo ayendetsedwe pa database ya mtundu umene uli pa seva. Kuyesa komaliza kuchitike pa foni yotsika mtengo, pa bando wamba, kunja kwa boma kumene netiweki ndi yofooka, ndi chithunzi chojambulidwa pomwepo chimene sichinachepetsedwe ndi WhatsApp.